Keke ya Raisa Panyanja Yopanda Mwera

Chaka chimenecho mwezi wa Juni unafika ku Chipoka wopanda mano. Anthu anatulutsa majuzi m'masutikesi, kuwayanika kuti fungo lichoke, kenako n'kuwabwezeramo osawavala. Mwera, mphepo yozizira ija imene imavundula nyanja nyengo ngati imeneyi, unkangosuzumira tsiku limodzi n'kubwerera ngati mlendo wamanyazi. Koma munthu amakhulupirira zimene anazolowera kuposa zimene akuona ndi maso, ndipo Deliwe naye anali munthu.

Kwawo kwa Deliwe kunali ku Dedza, kumene Juni amaumitsa zala. Kunyanja kuno anabwera potsatira amuna ake, a Noah, amene anatumizidwa kudzaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Masiku oyamba sankadziwa aliyense, ngakhale kupala chambo kumene sankatha. Amene anamutola anali Zuleka, mayi wachisilamu wogulitsa nsomba, woyandikana naye nyumba. Zuleka ndiye anamuphunzitsa kusankha nsomba poyang'ana maso, ndiyenso anamudikirira kuchipatala pamene ankabadwa Eliza, mwana wa Deliwe. Wina ankapemphera Lamlungu, wina Lachisanu, koma mchere ankapatsirana pampanda umodzi.

Zuleka anali ndi mwana wamkazi, Raisa, amene ali wamng'ono sankachoka kukhitchini kwa Deliwe, makamaka tsiku lophika makeke. Tsiku lina kamtsikanako kakunyambita supuni, Deliwe anangoti, "Iwe, pa ukwati wako keke ndidzaphika ndine. Yosanjikiza katatu, yamaluwa." Anazinena mocheza. Koma mwana saiwala. Raisa atakula n'kupeza banja, anabwera n'kukhala pakhonde, maso akuseka.

"Anti, keke yanga ija yapsa?"

Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Deliwe anaphika, kusanjikiza, n'kupaka kirimu wa majarini ndi shuga. Kirimu wolimba uja, amene saopa dzuwa, anamusiya dala. Ankati ndi wouma ngati laimu, ndipo mu Juni munthu angaope chiyani? Maluwa apinki anawaumba limodzilimodzi akuimba nyimbo zakutchalitchi chapansipansi, mpaka keke inaima pathebulo ngati mkwatibwi weniweni.

Vuto linali njira. Ukwati unkachitikira kwa Saidi, mudzi wa asodzi kumpoto kwa Chipoka, kuchikazi kwa Zuleka. Msewu wopita kumeneko ndi mchenga ndi mabampu, ndipo zimene zimadutsamo ndi njinga zamoto zokha. Keke yokwera njinga yamoto ikanafika ili phala. Amene anamasula mfundoyi anali che Ismael, mchimwene wake wa Zuleka, mwini boti la thanga.

"Panyanja palibe mabampu, mayi," anatero che Ismael. "Mwera udzatikankha kumsana. Inshallah, tikafika tiyi asanazizire m'kapu."

M'mawa wa tsiku la ukwati anakumana padooko. Deliwe anali atasenza keke m'beseni lalikulu, ataivundikira ndi dengu. Kumbuyo kwake kunkabwera a Noah, ndipo che Ismael atawaona anakhala pansi pamchenga ndi kuseka. Aphunzitsiwo anali atavala suti, mkati juzi, pamwamba jekete, kumutu chipewa chaubweya. M'khwapa anali atapanira mphatso ya akwati, bulangete lalikulu lamaluwa ofiira, lili m'chikwama chake chapulasitiki.

"Aphunzitsi, kodi mukupita ku ukwati kapena kuphiri la Dedza?"

"Sekani, che Ismael," anayankha a Noah mwaulemu wawo wonse. "Panyanja mu Juni pamazizira. Aliyense amadziwa zimenezo."

"Aliyense, kupatula Juni mwini wake."

A Noah anakwera boti ngati munthu woponda mazira. Zaka zonse anakhala kunyanja, madzi anali asanawadutsepo m'mawondo. Anakhala pakati penipeni, manja onse awiri atagwira thabwa. Deliwe anaika beseni pansi pakati pa miyendo yake. Che Ismael anati Bisimilahi, Deliwe anawerama n'kupereka ulendo m'manja mwa Ambuye, ndipo boti linachoka pamchenga.

Poyamba zinayenda bwino, ndipo zinali zokoma. Thanga la che Ismael linali la matumba a feteleza osokedwa pamodzi, malemba ena ali chadodolido, koma kamphepo kam'mawa katalowamo linatupa ngati tambala wofuna kulira. Madzi ankanong'ona m'mbali mwa boti. Pansi pankaoneka mchenga woyera ndi tinsomba tothawa chithunzithunzi. Mapiri akutsidya anali abuluu, nkhwazi ikulira kwinakwake kumitengo yakumtunda. Deliwe anayang'ana zonsezi mtima n'kudzaza. Anaganiza kuti Mulungu polenga madzi ndi mtunda ayenera kuti pano anachedwapo pang'ono, kuti pakhale bwino.

"Bambo a Eliza, tatsegulani maso muone ntchito za Mlengi."

"Ndikuziona," anatero a Noah, maso ali pathabwa.

Dzuwa litakwera, mphepo inayamba kufooka. Thanga linagwedezeka kawiri katatu, kenako linangoti lende ngati malaya pachingwe. Madzi anasiya kunong'ona. Nyanja yonse inangoti phee, yosalala ngati mafuta m'chiwaya, ndipo kutentha kunawatsikira pamutu. Chipoka anali atatsala kutali kumbuyo, kwa Saidi kusanayambe n'kuoneka komwe.

Che Ismael ananyowetsa chala m'kamwa n'kuchikweza m'mwamba. Anayang'ana kummwera nthawi yaitali ngati akudikira munthu amene anapangana naye.

"Ubwera," anatero. "Wangochedwa."

"Ngati wachedwa, tiyeni tizipalasa," anatero Deliwe. "Nkhafi zili kuti?"

Che Ismael anakanda m'mutu pansi pa kofiya. Anasolola nkhafi imodzi, yaifupi, yobenthuka kunsonga.

"Imodzi yokha?"

"Mayi, ndani amanyamula nkhafi mu Juni? Zimangolemeretsa boti. Mu Juni nkhafi ndi mwera. Bambo anga ankatero, agogo anga ankatero."

Deliwe akanamudzudzula bwanji mnzake za nkhafi, iye mwini atapaka keke majarini pa chifukwa chomwecho? Chitsotso m'diso la mbale, mtanda uli m'lako. Anatukula dengu pang'ono n'kusuzumira. Kirimu anali atayamba kunyezimira ngati chipumi cha munthu wolima, ndipo duwa limodzi la m'munsi linali litaweramitsa mutu.

"Mayo ine! Ikusungunuka."

Anaona m'maganizo mwake Raisa atakhala pamphasa mu zovala zake zaukwati, azimayi a kwa Saidi atazungulira, dengu likuvundukulidwa, pansi pali chithaphwi cha pinki. Raisa sakanadandaula, ndipo n'zimene zinkamupweteka kwambiri Deliwe. Mwana uja akanangomwetulira n'kunena kuti palibe kanthu, anti.

Anatseka maso. Moyo wake wonse anamva maulaliki a namondwe, a anthu ofuula m'ngalawa kuti mphepo ileke. Palibe mbusa anamuphunzitsapo pemphero la munthu wosowa mphepo. Anangolipanga yekha.

"Ambuye, Inu amene munadzudzula mphepo n'kuleka, mphepo yomweyo ndi yanu. Lero iuzeni iyambe. Osati yambiri, Ambuye, mukuwadziwa bambo a Eliza."

"Amina," anatero che Ismael, akupalasa ndi kankhafi kaja. "Inenso ndapempha kale mbali yanga ino. Mapempho awiri, tione ngati sakoka msanga."

Mphepo sinabwere. A Noah anavula chipewa. Patapita kanthawi anavula majekete onse awiri, kenako juzi, chilichonse akuchipinda bwinobwino. Thukuta linkatsika m'masaya. Anatenga chikwama cha bulangete kuti atsamire, ndipo m'pamene maso a Deliwe anagwera pa icho.

Anakumbukira amayi ake pamsika wa Lizulu, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ankafunditsa masamba ndi chiguduli chonyowa, n'kumawaza madzi tsiku lonse, ndipo madzulo mpiru unkakhala ngati wothyoledwa kumene.

"Bambo a Eliza, ndipatseni bulangetelo."

"Mukumva kuzizira?"

"Ndikufuna ndiliviike m'madzi."

A Noah analikumbatira ngati mwana. Bulangete limeneli anakalisankha okha ku Salima, atalowa sitolo ndi sitolo, akulisisita ndi dzanja kuti amve kukhuthala kwake.

"Mayi a Eliza, imeneyi ndi mphatso. Tikapereke kwa akwati chinthu chodontha madzi? Anthu akati chiyani? Akati aphunzitsi abweretsa chokolopera."

"Bulangete likanyowa limauma, bambo. Keke ikasungunuka siidzukanso."

"Pamenepo mayi alasa," anatero che Ismael. "Ndi dzuwa ili, likauma musanamalize kudya mpunga."

A Noah anapuma mozama, natsegula zipi ndi manja awo. Deliwe anayala chikwama chapulasitiki chija pamwamba pa dengu kuti madzi asadonthere keke. Awiriwo anaviika bulangete m'nyanja, kulifinya wina uku wina uku, n'kulifunditsa padengu. Deliwe anapisa dzanja pansi pake patapita kanthawi, namva kamphepo kozizirira ngati ka mumtsuko.

"Zikomo, Ambuye. Tsopano kwatsala kufika."

Kufikako ndiye kunali kutali. Nkhafi imodzi inkangolizunguza boti ngati nkhuku yodwala chitopa. Che Ismael analilondolera pang'onopang'ono kufupi ndi gombe mpaka nkhafi inagunda mchenga.

"Apa madzi ndi a m'chiuno mpaka kwa Saidi," anatero. "Kukoka ndi chingwe kuposa kupalasa." Analumphira m'madzi, nakoleka chingwe paphewa. Anakoka, boti linasuntha, koma mwaulesi. Anatembenuka n'kuyang'ana a Noah. "Aphunzitsi, boti ili lalemera ndi maphunziro. Mutu umodzi susenza denga."

"Ine? M'madzimo?"

"Inu nomwe. Dzina lonseli, Noah, n'kumaopa madzi a m'chiuno?"

"Mnzangayo anali m'kati mwa chombo, chitseko chili chotseka," anayankha a Noah. "Palibe pamene analembapo kuti anatsika kukakoka. Nanga ng'ona?"

"Ng'ona zili kubango, kumathiriro a Linthipe, ndipo ife sitifikako. Pamchenga woyera ngati uwu ng'ona imachita manyazi."

A Noah anayang'ana madzi, nayang'ana akazi awo. Deliwe sanawakakamize. Anangoti chapansipansi, "Zuleka anagona pasimenti kuchipatala chifukwa cha ine, bambo." Basi.

A Noah anavula nsapato, naika masokosi m'kati mwake. Anavulanso tayi. Atavula buluku, kunapezeka kuti m'kati anali atavalanso buluku lina lamasewera, lokhuthala, loti liwateteze ku chisanu cha panyanja. Che Ismael anaseka mpaka chingwe chinagwa paphewa.

"Aphunzitsi, mukamavula simutha! Ngati anyezi!"

Mwendo woyamba unalowa m'madzi. Wachiwiri unatsatira. A Noah anaima, madzi ali m'chiuno, manja atakakamira m'mphepete mwa boti, maso atatseka ngati munthu wodikira kubatizidwa. Kenako anatsegula diso limodzi.

"Aa! Madziwa ndi ofunda!"

"Takulandirani ku Salima," anatero che Ismael.

Anayamba ulendo, che Ismael akukoka kutsogolo, a Noah akukankha kumbuyo, Deliwe dzanja limodzi pachiwongolero, lina likuwaza madzi pabulangete ndi chigubu chodula. Poona kuti amuna awiriwo mapazi sakugwirizana, anayambitsa nyimbo ya kwaya, ija amaimba polowa m'tchalitchi, yoyenda ndi phazi. A Noah analowetsa besi yawo, mpweya ukuperewera. Chodabwitsa, mawu achitatu anamveka kutsogolo. Che Ismael ankaing'ung'udza bwinobwino, ngakhale pokhota pake.

"Che Ismael, nyimbo yathuyi munaiphunzira kuti?"

"Mayi, ukonde ndimasokera kuseri kwa tchalitchi chanu. Kwaya yanu ikalakwitsa ndimadziwa ndine, abusa asanamve."

Azimayi ochapa pagombe anaimika ntchito, manja m'chiuno. Wina anafuula kufunsa ngati injini zamakono zikuvala malaya oyera. A Noah anawakwezera dzanja ngati phungu pa kampeni, ndipo phazi linaterereka, namira mpaka m'khosi. Anavuuka akulavula madzi, ndipo Deliwe anadikira kuti akwiye. M'malo mwake anamva kuseka kumene anali asanakumve chichokereni ku Dedza, kuseka kwa mnyamata amene anamufunsira mbeta panjira ya kudimba.

Dzuwa litafika pamutu, Deliwe anamva kanthu kakumusisita patsaya lakumanja. Anayang'ana kunyanja. Kutali madzi anali atachita tsinya, mzere wakuda ukubwera. Thanga linagwedezeka.

"Che Ismael! Mwera!"

Che Ismael anaima, nanunkhiza mphepo. "Umenewo si mwera, mayi. Ndi vuma, wochokera kum'mawa. Ameneyu amabwera masana kukatentha. Mu Juni sindinamuonepo." Anapukusa mutu akuseka. "Tinaitana mkulu, kwabwera mng'ono wake. Alhamdulillah! Kwerani, aphunzitsi, msanga!"

Che Ismael anakwera ngati mphaka. Koma a Noah kukwera boti kuchokera m'madzi anali asanayesepo. Anaika mimba pamphepete n'kudziponya ndi mphamvu zawo zonse. Boti linapendekeka. Beseni linatsetsereka, ndipo Deliwe anasiya chiwongolero n'kuligwera ndi manja awiri, bulangete lonyowa lili pachifuwa. M'kati mwa dengu munamveka kaphokoso kofewa, kakang'ono, kamene wophika aliyense amakadziwa.

Che Ismael anatembenuka n'kuyang'ana dengu.

"Mayi a Eliza," anatero a Noah ali chigonere pansi pa boti, "ndaipha?"

"Sindiyang'ana," anatero Deliwe. "Tikaonera konko. Dzukani mugwire beseni mbali iyo."

Che Ismael anakoka chingwe cha thanga, matumba a feteleza aja anatupa, ndipo boti linanyamuka ngati lakumbukira ntchito yake. Madzi anayambanso kuimba m'mbali, timafunde tikuwaza nkhope zawo. Mphepo yomweyo inkawomba pabulangete lonyowa, m'kati mwa dengu n'kumazizira ngati m'mawa wa ku Dedza. Deliwe anazindikira kuti kutentha kumene kunathamangitsa mwera ndi komwenso kunaitana vuma, ndipo anaseka yekha. Anapempha mphepo akuyang'ana kummwera, yankho linadzera khomo lina.

Anayamba kuona migwalangwa ya kwa Saidi, kenako mathandala oyanikapo usipa, kenako nsalu zowala za azimayi pagombe. Kumzikiti kunkamveka kuitanira swala, pemphero la masana. Zuleka ndiye anali patsogolo, madzi ali m'akakolo, dzanja pachipumi.

"Achemwali! Ndimati mwatembenuka! Nanga aphunzitsi achita chiyani, mwachita kuwawedza?"

Nthungululu zinawaperekeza mpaka m'nyumba mmene munali mkwatibwi. Raisa anali pamphasa, manja atajambulidwa maluwa ndi utoto wa hina, nkhope ili pansi monga mwa mwambo, koma maso akuba kuyang'ana dengu. Deliwe anachotsa bulangete. Anatukula dengu.

Keke inali chiimire. Yonse, kusanjikiza kwake katatu. Koma gawo lapamwamba linali litapendekera pang'ono ngati kofiya ya mnyamata wodzimva, ndipo mbali imodzi, imene inagunda dengu, maluwa anali ataphwanyika, pinki atalowerera mu zoyera.

Azimayi anaombera m'manja, koma Deliwe ankangoona mbali yophwanyikayo. Anapempha supuni, nasalaza mmene akanathera, kenako anayamba kutembenuza beseni kuti chilemacho chiyang'ane kukhoma. Dzanja lojambulidwa hina linagwira dzanja lake.

"Anti, isiyeni choncho."

"Mwanawe, mbali iyi yawonongeka. Ndinafuna ikhale yabwino yonse."

Raisa anayang'ana chitenje cha Deliwe chonyowa mpaka m'chifuwa. Anasuzumira pakhomo, pamene a Noah anaima padzuwa mu buluku lawo lamasewera, madzi akudontha, akufotokozera azibambo ndi manja mmene amakankhira boti. Anayesa kubisa kuseka ndi mpango, koma kunatuluka.

"Aphunzitsi analowa m'nyanja chifukwa cha keke yanga?"

"Mpaka m'khosi," anatero Zuleka. "Achimwene akuti anamwako ndi madzi."

"Ndiye podula, ine mundipatse mbali yomweyi," anatero Raisa. Anatambasula chala, natapa kirimu pa duwa lophwanyika lija n'kunyambita, monga ankachitira ndi supuni kukhitchini kuja. Azakhali ake anakuwa kuti mkwatibwi satero, nyumba yonse n'kugwa ndi phwete. Deliwe anaseka nawo, misozi ikutsika, mumtima akuti chikho changa chasefukira.

Panja kunabuka mkangano wina. Munthu wina wachifundo anali atanyamula bulangete kuti akaliyanike pathandala la usipa, ndipo a Noah ankamuthamangira opanda nsapato.

"Osati pamenepo, bambo! Akwati angamanunkhe usipa mpaka chaka chamawa!"

Analiyanika pamlongoti wa boti la che Ismael, pamwamba pa thanga lopindidwa. Vuma analipeza pomwepo, ndipo maluwa ake ofiira ankaoneka kuchokera kumene anthu ankadyera mpunga. Pamene nthawi yopereka mphatso inkakwana linali litauma gwa, lofunda ngati lochokera pamoto. A Noah analipinda okha, kulibwezera m'chikwama chake, n'kukalipereka ndi manja awiri, atavalanso suti yawo, tsitsi lokha lili ndi mchenga.

Pobwerera anali atapangana kuti akwera njinga zamoto, poti keke kunalibenso. Koma Deliwe akutsanzikana ndi Zuleka, anamva amuna ake kumbuyo akufunsa chapansipansi.

"Che Ismael, kodi inu mukubwerera liti? Ngati malo alipo m'botimo, ine mabampu aja sindigwirizana nawo."

"Malo alipo, aphunzitsi. Koma ndabwereka nkhafi ziwiri. Ina ndi yanu."